Kathabwa ka a Tsekulani

Malemu achemwali anga anabadwa pa 9 Okutobala 1966, m'nyumba ya chipinda chimodzi kuseri kwa malo omatira matayala, kumene bambo athu ankagwira ntchito. Anali oyamba kubadwa m'banja la ana anayi. Ine amene ndaima panoyu ndine wotsiriza, ndipo ntchito yanga ndi ya ukalipentala. Abusa, akuluakulu a mpingo, anzawo a malemu a kuntchito, abale ndi anansi nonse, ndikupempha kuti mundipirire. Ndili ndi mantha, ndipo ndinene poyambirira pomwe chimene ndikuopa, kuti mbiriyi muimve bwino.

Panja apo, pa sitepe ya tchalitchi chino, pakhala mwana wotsiriza wa malemu, wamkazi, amene anzake a kuntchito amamutcha Galasi. Wakana kulowa. Chimwalirireni mayi ake sanalawe kanthu, ndipo mawu okha amene atuluka pakamwa pake ndi amene anauza mayi a kunyumba kwanga dzana, akuti bokosi limene ndinkakhomalo ndikanaliyeza pa msinkhu wake. Tabisa mankhwala onse a m'nyumba, ngakhale a makoswe, ndipo tikumulondera mosinthana. Manong'onong'o nawo ndawamva, chifukwa makutu alibe zitseko. Ena mukuti mwana wapha mayi ake. Malemu anadziwiratu kuti zimenezi zidzanenedwa, ndipo anandilumbiritsa kuti pa tsiku la lero ndidzafotokoze zonse mwatchutchutchu. Ndikanakonda wina akanandiimirira, koma mutu ukakula sulewa nkhonya.

Malemu anayamba sukulu mu 1973, ndipo analekezera kalasi yachisanu ndi chimodzi mu 1979, mayi athu atadwala, kuti azitilera ife. Ine anandibereka kumsana mpaka miyendo yanga inayamba kukhwekhwereza pansi. Amene munawadziwa atakula mudabwa, koma pa utsikana wawo sanali munthu wamantha ngakhale pang'ono. Njoka ikalowa m'nyumba ankaipha ndi iwo, bambo athu ali pamwamba pa mpando akupereka malangizo.

Pa 3 Ogasiti 1985 anamanga banja ndi alamu anga, amene ankayendetsa galimoto ya katundu. Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu, amuna awiri ndi wamkazi mmodzi. Alamu anatisiya mu 1999, ndipo kuyambira pamenepo achemwali analera anawo okha, bambo ali iwo, mayi ali iwo omwe.

Mu 1990 analembedwa ntchito pa kampani yosamalira pansi m'nyumba zikuluzikulu za malonda, m'masitolo, m'maofesi ndi m'nyumba za mabanki. Mundilole ndiifotokoze ntchito imeneyi, chifukwa popanda kuimvetsa simungamvetse imfa yawo. Ambiri a ife timangolowa m'sitolo n'kuona pansi pakuwala mpaka kuonetsa kunsi kwa nsapato, n'kumayesa kuti matailosi anabadwa choncho. Kuwala kuja ndi polishi amene amapaka pamwamba, ndipo polishi amakalamba. Amasanduka wachikasu, amagwira litsiro, ndipo ikakwana nthawi amayenera kumuchotsa yense mpaka tailosi itsale yokha, kenako n'kupaka watsopano.

Ankalowa Loweruka masana eni maofesi ataweruka, n'kudzamaliza Lamulungu. Ankayamba atulutsa matebulo ndi makabati onse. Akatero ankathira pansi mankhwala osungunula polishi wakale, amene iwo amawatcha sitiripa, n'kudikira kuti alowerere. Kenako ankadutsitsa makina ozungulira aja okhala ndi chisiponji chakuda chokhakhala kunsi, n'kukokolola phala lonyansa lotulukapolo, n'kutsukuluza ndi madzi kambirimbiri. Pansi pakauma m'pamene ankapaka polishi watsopano ndi mopu, mopyapyala, kuyambira pa ngodya ya kutali, akubwerera chammbuyo mpaka kukatulukira pakhomo. Achemwali ankaseka kuti ntchito yawo ndi yokhayo imene munthu amapita patsogolo akuyenda chammbuyo. Polishi wonyowa sapondedwa. Amene anagwirapo nawo ntchito andichitira umboni kuti ukangoyandikira ndi phazi lako, ngakhale uli bwana wa tayi, unkamva mopu ikukudutsa pafupi ndi khutu.

Koma sitiripa uja ali ndi zoopsa ziwiri. Akasakanikirana ndi polishi wakale, pansi pamaterera kuposa sopo wonyowa, moti munthu amayenda ngati mwana wophunzira kuyenda. Chachiwiri ndi fungo lake, limene limaluma m'mphuno, kutulutsa misozi, ndipo likachuluka limazunguza mutu. Wina afunsa kuti bwanji osangotsekula zitseko. Vuto lake lagona pamenepo. Mankhwalawa amagwira ntchito akakhala onyowa. Mphepo ikamadutsa amauma msanga polishi asanasungunuke, ndipo ntchito yonse umaiyambanso. N'chifukwa chake anthu a ntchito imeneyi, akapanikizika ndi nthawi, dzanja limapita lokha ku chitseko.

Mu 1993, achemwali ali oyembekezera mwana wawo wotsirizayu, m'gulu lawo munali mayi wina wachikulire amene ankamutcha a Kwaya, chifukwa pogwira ntchito ankaimba okha mawu onse a kwaya, a amayi ndi a abambo omwe. Tsiku lina a Kwaya analowa m'kachipinda kosungiramo katundu, kopanda zenera, n'kudzitsekera monga ankachitira aliyense. Achemwali anali m'likole akutsukuluza mopu, akumva nyimbo ikutuluka pansi pa chitseko. Nyimbo ija inaduka pakatikati. Iwo anangoti mwina mayi aiwala mawu, n'kupitiriza ntchito yawo. Pamene ankatsekula chitseko anapeza a Kwaya atagwa chafufumimba, nkhope ili m'mankhwala, makina akungozungulira okha. A Kwaya sanadzukenso.

Lolemba lotsatira achemwali anafika pa shedi yanga maso ali psuu. Sanandipatse ngakhale moni. Anangoti, “Achimwene, mundidulire kathabwa kosongoka mbali imodzi, kolowa pansi pa chitseko, kolimba koti ngakhale chitseko chachitsulo chisakakankhe.” Ndinadula pa chidutswa cha thabwa lolimba chimene chinatsala, ndinabowola kabowo, n'kulowetsamo chingwe. Kathabwa kameneko akhala nako zaka zonsezi m'thumba la ovololo. Chipinda chilichonse chimene ankalowa, mopu isanakhudze pansi, ankayamba akakhomera pansi pa chitseko ndi chidendene.

Kuyambira chaka chimenecho mantha analowa mwa achemwali ndipo sanatulukenso. Mawu awo oyamba polowa paliponse anali akuti “tsekulani,” ndipo dzina la a Tsekulani linabadwira pamenepo, moti ana ambiri m'dera lathu akudziwa lero kuti linali longowapatsa. M'basi ankalimbana ndi anthu pa nkhani ya zenera ngakhale kunja kukugwa mvula. Chikepe cha m'nyumba zazitali sankakwera, ankalolera kunyamula ndowa pa masitepe mpaka pamwamba. Inu a mpingo mukudziwa kuti mpando wawo unali uwo wa pafupi ndi khomo, ndipo nthawi yozizira mukatseka chitseko, pofika pa nyimbo yachiwiri chinkapezeka chatsekuka chokha, iwo maso ali kumwamba ngati sakudziwapo kanthu.

Tinkawaseka, ine ndinali patsogolo. Ndinkawauza kuti, “Achemwali, akalipentala tikanamvera inu, bwenzi ana athu akugona ndi njala, chifukwa palibe akanagula chitseko.” Ndinawakumbutsanso tsiku lina kuti akuluakulu amati tsoka silinunkha, choncho asadzivutitse. Anandiyankha kuti, “La kwa inu silinunkha. La kuntchito kwathu limanunkha, ndipo fungo lake ndimalidziwa.” Ngakhale kuntchito akapitawo sankakondwera nawo, chifukwa chipinda cha a Tsekulani chinkachedwa. Mankhwala ankawaumira, iwo n'kuthiranso, n'kuthiranso, anzawo atamaliza kalekale. Ankalolera kutukwanidwa, koma kathabwa kaja sankakazula.

Mu 2006 anawakweza kukhala kapitawo wa gulu lawo. Atangolandira udindowo anaika malamulo awiri. Loyamba, chitseko sichitsekedwa. Lachiwiri, aliyense amene akugwira yekha m'chipinda aziimba kapena kuliza mluzu mosalekeza, kuti iwo azimumva. Mawu akhale okoma, akhale ngati a chule, zimenezo analibe nazo ntchito. Alonda a m'nyumba zimenezo ankati gulu la a Tsekulani likalowa, umayesa kuti mipingo itatu yabwereka nyumba imodzi. Wina akangosiya kuimba kuti ameze malovu, ankamva mfuu kuchokera kumapeto kwa likole yakuti, “Imba!”

Tsopano ndifike pa mwana wathu. Mu 2013 Galasi anapempha kulowa ntchito yomweyi, atayesa zina osaphula kanthu. Mayi ake anakana kwamtuwagalu. Anabwera kwa ine, monga malume ake, kuti ndikamuletse, ndipo analira pa shedi yanga pamaso pa makasitomala. Anati, “Mwana ameneyu anali m'mimba mwanga tsiku limene ndinatembenuza a Kwaya. Fungo lija analimva asanabadwe. Ndikuopa kuti lidzamuitana.” Ine ndinawauza kuti mantha awo achuluka, mwana ndi wamkulu. Mapeto ake anavomera, koma anati azigwira m'gulu lawo lomwelo, pamene khutu lawo lingafike.

Mwanayu dzanja lake ndi labwino, ndipo zimenezi ndikunena monyadira ngakhale lero. Pansi pamene wapaka iye sipaoneka mzere wa mopu, ndipo dzina la Galasi analipeza chifukwa chakuti amayi a m'maofesi ankakonzera tsitsi pa matailosi ake. Anatengera mayi ake kudana ndi ntchito yosiyira panjira. Banga likakana kuchoka sankadya, sankayankhula. Chimene sanatengere ndi mantha, chifukwa iye a Kwaya sanawaone. Mayi ake m'malo mopepukidwa, mantha awo anawirikiza. Anandiuza kuti Loweruka lililonse ankagwira ntchito ndi khutu limodzi, lina lili kwa mwana, ndipo tsiku lina Galasi atadwala chimfine mawu n'kutsekeka, anamumangirira kabelu m'chiuno ngati mbuzi. Tinaseka mpaka kugwira nthiti. Lero ndi pamene tikudziwa kuti galu wamkota sakandira pachabe.

Loweruka pa 17 Ogasiti chaka chino, gulu lawo linatumizidwa ku nyumba ina ya malonda imene inali itakhala nthawi yaitali yotseka, ndipo eni ake atsopano ankafuna kuitsekula Lolemba. Anthu anali ochepa, choncho anagawana zipinda motalikirana. Pansi penipeni pa nyumbayo, kotsikira ndi masitepe, kunali chipinda chosungiramo katundu chopanda zenera, chokhala ndi chitseko chachitsulo cholemera, cha mtundu uja chimadzibweza chokha. Polishi wa m'menemo anali wa zaka ndi zaka, wopakidwa pamwamba pa mnzake mpaka kuda ngati kunsi kwa poto. Achemwali ankafuna kulowamo okha, koma mawondo anali akuwavuta pa masitepe, ndipo Galasi anawakakamiza kuti apite pamwamba kumene kunali mazenera. Anavomera monyinyirika. Anatsika naye, anakhomera kathabwa kawo pansi pa chitseko chija ndi chidendene chawo, n'kumuuza kuti aziimba mokweza.

Tsikulo kunali mphepo, ndipo inkalowera ku khomo lotsitsira katundu n'kuwomba molunjika m'chipindamo. Mwana anathira mankhwala, anauma. Anathiranso, anaumanso, polishi ali gwa, osasunthika. Dzuwa linali likupendeka. Anachita chimene anthu ambiri a ntchito imeneyi achitapo. Anazula kathabwa kaja n'kukaika m'thumba la ovololo, chitseko n'kudzitseka. Anathira mankhwala osasungunula, n'kuwonjezera madzi otentha kuti alume msanga. Mumtima mwake ankati ndi kanthawi kochepa, mayi sadziwa. Ndipo ankaimbabe, kuti mayi ake asadere nkhawa.

Zotsatirazi ndikuzinena monga anandifotokozera malemu eni ake ali m'chipatala. Anali pamwamba, m'chipinda chachikulu, akupaka polishi womaliza. Chipindacho chinali ndi makomo awiri, ndipo iwo anayambira ku khomo la masitepe akubwerera chammbuyo kulowera ku khomo la kumsewu. Anayamba amva nyimbo ya mwana wawo ikuchepa mphamvu, ngati ikuchokera m'botolo. Anaimitsa mopu. Kenako nyimbo ija inaduka pakatikati. Anakuwa kuti, “Imba!” Kunali zii. Anakuwanso. Anandiuza kuti pamenepo fungo la 1993 linawabwerera m'mphuno ali m'chipinda cha mazenera otsekula.

Pakati pa iwo ndi masitepe panali polishi wonyowa, chipinda chonse. Mayi amene kwa zaka zoposa makumi atatu sanalole ngakhale ntchentche kutera pa ntchito yawo anataya mopu n'kuthamanga pakati penipeni. Anzawo a kuntchito andiuza kuti mapazi awo anaumira pomwepo, otalikiranatalikirana, kuchokera pamene panagwera mopu mpaka pa masitepe.

Atatsika anapeza chimene akhala akuchilota moyo wawo wonse, chitseko chotseka, kathabwa palibe. Anandiuza kuti dzanja linakana kugwira chogwirira, ndipo anachita kulikakamiza ndi linzake. Atatsekula, fungo linawamenya kumaso moti sanathe kuona bwino. Mwana anali atagwa ku ngodya ya kutali. Anangoponda kawiri n'kuterereka, kugwa chagada. Anayesa kudzuka, anagwanso. Pamenepo anayamba kukwawa ndi mawondo ndi zikhato m'mankhwala otentha aja. Ali pakati pa chipinda anamva kumbuyo kwawo chitseko chikudzibweza pang'onopang'ono, kenako khoo!

Anamugwira mwana pa kolala ya ovololo n'kumamukoka, iwo akukwawa chammbuyo, monga anazolowera kutulukira m'chipinda chilichonse. Atafika pa chitseko, chogwirira chake chinali chozungulira, ndipo manja awo anali phala lokhalokha. Ankati akapotokola, dzanja linkangozungulira lokha. Anapukuta pa malaya, malaya nawo anali onyowa. Mawu okuwira anali atatha, pakhosi pakutentha ngati ameza khala la moto. Pansi pa chitseko panali kampata kolowa chala, pamene pankalowa kamphepo. Anatembenuza mutu wa mwana wawo n'kuika mphuno yake pa kampatako. Malo anali a mphuno imodzi. Pomukankhira pamenepo anamva chinthu cholimba m'thumba la mwanayo, ndipo atapisa anapeza kathabwa kawo. Anagwada n'kuyamba kumenya nako chitseko chachitsulo chija, kumenya, kumenya, mutu ukuzungulira, mpaka mlonda wa pa geti anamva n'kuthamangira kumeneko. Bambo ameneyo ali nafe muno, ndipo anandiuza kuti atatsekula, mayi anapitirizabe kumenya m'malere, osadziwa kuti chitseko chatsekuka.

Onse awiri anathamangira nawo kuchipatala. Galasi anatsitsimuka tsiku lomwelo, ndipo patangopita masiku ochepa anatuluka. Achemwali anapsa mawondo ndi zikhato, koma zilonda zimenezo zinapola. Chimene sichinapole ndi mapapo. Madokotala anati anali otopa kale ndi zaka zambiri za ntchitoyi, ndipo tsiku lija linangomalizitsa. Anawatulutsa mu Sepitembala, koma sankatha kuyenda kuchoka pabedi kufika pakhomo osapumira. Mu Okutobala tinabwerera nawo, ndipo anawaika pa mpweya wa m'botolo. Ngakhale m'menemo anapitiriza khalidwe lawo. Odwala anzawo ankadandaula kuzizira, anamwino n'kutseka chitseko cha wodi, koma iwo ankaloza ndi chala osatsitsa mpaka wina atsekule.

Nthawi yonseyi Galasi sanajombe kuchipatala ngakhale tsiku limodzi. Ankachapa zovala za mayi ake, ankaphika, ankabweretsa madzi osamba. Koma ankathera pa khomo la wodi, n'kupatsira alongo ake kuti alowetse. Mayi ake ankamuona ataima pamenepo, n'kuchotsa chopumira mpweya kukamwa, n'kunong'ona kuti, “Imba.” Mwana ankangogwetsa nkhope n'kubwerera. Chiyambire tsiku lija palibe amene wamumvapo akuimba.

Lamulungu lomaliza achemwali anandiitana kuti ndiyandikire. Ndinkayesa kuti akuopa imfa, ndipo ndinayamba kuwalimbikitsa ndi mawu a m'Baibulo. Anandigwira dzanja kuti ndisiye. Anati, “Achimwene, imfa sindikuiopa, ndikuopera uyo waima pakhomoyo. Ndinamutulutsa m'chipinda chija, koma mtima wake unatsalira momwemo, ndipo ine mphamvu zokwawira zatha.” Kenako anapitiriza. “Mukamuuze, ndipo mukanene pagulu kuti onse amve. Zaka zonsezi ndinkadziwa kuti tsiku limeneli lidzafika. Sindinkapempha Mulungu kuti lisafike, chifukwa ntchito yathu ndimaidziwa. Ndinkapempha kuti likadzafika ndidzakhale pafupi, ndidzamve nyimbo ikuduka, ndipo ndisadzachedwe ngati mmene ndinachedwera kwa a Kwaya. Mulungu anandiyankha. Mwana sanandiphe. Ndinalowa ndekha, ndi miyendo yanga, ndipo akanati ndilowenso mawa ndikanalowa.”

Malemu anatisiya Lachiwiri pa 5 Novembala, m'mawa, chitseko cha wodi chili chotsekula.

Inu anzawo a kuntchito, mwabwera ambiri ndi maovololo anu, ndipo tikuthokoza. Sindikufunsani kuti mukweze manja, koma aliyense adzifunse mumtima ngati sanatsekepo chitseko kuti mankhwala asaume. Mukudziwa kuti chimene anachita mwanayu si nkhanza, ndi chizolowezi cha ntchito yanu. Loweruka likubwerali mulowanso m'zipinda zomwezo, ndipo khutu limene linkakumverani lagona umu. Ndikaganiza zimenezi tulo sindikupeza. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pakhomo apo ndaika katoni ya timatabwa timene ndadula pa zotsala za bokosili. Potuluka aliyense atengepo kake. Ndipo inu amene mwakhala mukunong'ona, mwamva tsopano mawu a mwini wake. Mukapitiriza, dziwani kuti mukukankha mwana amene waima kale m'mphepete mwa dzenje, ndipo banja lino silingathe kukhoma bokosi lachiwiri.

Malemu asiya ana atatu, zidzukulu zisanu, ang'ono awo awiri, ndi ine mlongo wawo. M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, ndiponso odwala anzawo amene anapirira mphepo chifukwa cha iwo. Ndikuthokoza bambo mlonda amene anamva kugogoda n'kuthamanga osayamba wafunsa. Ndikuthokoza abusa, amayi a mpingo amene akhala nafe masiku onsewa, anansi amene abwereka mipando ndi ziwiya, ndi achinyamata amene akonza kumanda. Mulungu akubwezereni pamene mwachotsa.

Kwatsala chinthu chimodzi. Amene munadutsa kudzaona nkhope mwina mwaona kuti chivundikiro cha bokosili sichinakhale bwino, chatukuka mbali ya kumutu. Ena mwina mwati kalipentala wakalamba. Ayi, bokosi ndinaliyeza bwino. Chivundikirocho chatsamira pa kathabwa kaja, kamene ndinadula mu 1993, kophwanyika kumutu chifukwa chomenya chitsulo. Malemu analamula okha kuti ndikaike pamenepo. Anati asapite nako kumanda, chifukwa kumene akupitako kulibe fungo loti aliope. Anatinso pasapezeke wina wokazula, kaya ndine, kaya abusa, kaya ana awo aamuna, koma Galasi yekha. Mawu awo anali akuti, “Anakazula tsiku lija ndisanamulole. Lero ndikumulola. Azule, chitsekeke, ndipo kathabwako akaike m'thumba mwake, kakhale kake mpaka adzakalambe.”

Ndikudziwa kuti sizichitika kuti mwana wamkazi atseke bokosi la mayi ake, ndipo abusa ndinawapempha kale chilolezo. Hamala ndi misomali zili m'thumba mwangamu, koma sindikhoma ngakhale umodzi mpaka mwana ameneyu alowe. Ngati tikhale pano mpaka dzuwa kulowa, tikhala.

Galasi, mwana wa achemwali anga, ndine malume ako ndikukuitana. Kuchipatala unkathera pakhomo, lero usathere pakhomo. Mayi ako anakwawa m'moto kuti iwe upume, ndiye usawabweze ndi manja opanda kanthu. Sakukufunsa kuti uimbe lero, nyimbo idzabwera yokha. Akungofuna ulowe. Inu amene mwaima m'njiramo, tapatukani, mumupatse mpata. Musamugwire dzanja, musiyeni ayende yekha.

Achemwali, a Tsekulani, mwaopa zaka zambiri, tsopano pumulani. Mzimu wanu uuse mumtendere wa Ambuye. Khutu lija mukhoza kuligoneka, chifukwa mwana wanu wadzuka pa sitepe paja, ndipo akubwera.